Nthenga ya M'thumba mwa Ababa

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu. Ndinkachitira nsanje kaduwa. Kenako nsanjeyo inasamukira kwa msuweni wanga, ndipo kumeneko inakanenepa.

Ababa amagwira ntchito m'paki ya m'mbali mwa nyanja yamchere. Kuseri kwa mabenchi ndi makatungwe a ana, komwe mphepo imaunjika mchenga, kuli malo otchingidwa ndi waya. M'menemo mumamera kachitsamba kolekeza m'mawondo, ka masamba otuwa ngati kawazidwa phulusa. Ababa amati kale kanali mbwee gombe lonse, koma misewu ndi mahotela zinakamaliza. Tatsala tochepa, tina kumtunda kwa paki, tina kumunsi. Iwo amatitchula kuti "ana anga". Ine amanditchula kuti Chete.

Vuto la ana awowo ndi lakuti kachilombo kamene kankawanyamulira mungu kanasowa, ndipo popanda mungu palibe mbewu. Ndiye maluwa akatseguka m'mawa, ababa amagwada pamchenga ndi nthenga ya nkhuku, n'kusisita duwa la kumtunda, n'kuika nthengayo m'kabotolo, n'kuyenda mpaka kumunsi kukasisita lina. Akatero amamangira duwalo kaulusi kofiira kuti asalibwereze. Nthengayo imakhala m'thumba la malaya awo. Ngakhale amayi pochapa amaichotsa ndi zala ziwiri.

Nditalemba mayeso ndinayamba kumawaperekeza. Yanga inali ndowa ya madzi, kuzula udzu wachilendo ndi kutola mapepala a masiwiti. Ndinkaima kumbuyo kwawo maso ali padzanja. Ndinkadziwa mmene amapendekera nthenga, ndinkadziwanso kuti amagwira mpweya asanakhudze duwa. Kunyumba ndinkayeserera ndi kansalu pa maluwa apulasitiki a pabalaza. Koma sindinapemphe. Ndinkadikira kuti anene okha.

Kenako kunabwera mwana wa azakhali kudzakhala nafe patchuthi. Timamutchula Wailesi, chifukwa sazimitsika. Tsiku loyamba lomwe anatitsatira kupaki.

"Amalume, ndiye n'zoona mumakwatitsa maluwa ndi nthenga ya nkhuku? Nkhukuyo inavomera?"

Ababa anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinawaseketsepo choncho.

"Tabweretsani ndiyese," anatero Wailesi.

Ndipo anamupatsa. Basi, choncho, ngati akumupatsa mchere patebulo. Ndowa inandilemera m'manja.

"Pang'onopang'ono iwe, sukukwecha poto," ababa anatero atagwada pambali pake, atamugwira pamkono. Wailesi anathothola duwa limodzi. Ndinati eya, tsopano alandidwa. Ababa anangoti, "Lina likudikira."

Maluwa ake ankawamangira ulusi wobiriwira kuti adzaone ngati agwira. Mumtima ndinkapempha kuti afote, ngakhale ndinkadziwa kuti kachitsambako sikanandilakwire. Anagwira. Timakoko tinayamba kutupa pansi pa ulusi wobiriwira, ndipo pachakudya nkhani inali yomweyo. Wailesi anali atapatsa kale zitsambazo maina: china Apongozi, china Wakuba Amuna. Ababa, munthu wosalankhula akamadya, ankafunsa kuti, "Apongozi lero wawaona bwanji?"

Ndinasiya kupita. Ndinati m'mimba mukundipota.

"M'mimba mwakomu mumayamba anzako akavala nsapato," amayi anatero, osandiyang'ana n'komwe.

Masana ena Wailesi anandipeza kuchipinda ndikupinda zovala zopindapinda kale.

"Iwe, ndinakudyera chiyani?"

"Palibe."

"Palibe wakoyo ali ndi mano. Tamvera, maluwa akutha. Amalume akuti mawa atseguka omaliza. Ndawauza kuti tikutenge, iwo akuti ndikusiye, suzikonda zimenezi."

"Ati chiyani?"

"Akuti uli wamng'ono unawauza pamaso pa anzako kuti amanunkha dothi. Akuti umabwera chifukwa amayi ako amakutuma, ndiye safuna kukukakamiza."

Mawu amenewo sindinkawakumbukira n'komwe. Ndinali ndisanagule mano mwina. Iwo anawasunga zaka zonsezi, m'thumba lomwelo la nthenga. Ine kudikira kuti andiitane, iwo kudikira kuti ndifune. Ndipo zotsatira za mayeso zikatuluka bwino ndipita kusukulu yakutali, maluwa adzatseguka ine kulibe.

M'mawa ndinavala nsapato iwo asanavale. Ababa anandiyang'ana, n'kundipatsa ndowa. Ndinailandira. Njira yonse ndinkakonza mawu, mawuwo n'kumabalalika.

Kumtunda kunali maluwa ochepa, oyera, akugwedezeka ndi kamphepo kamchere. Ababa anagwada, mawondo n'kulira. Anapisa m'thumba, anatulutsa nthenga, n'kutambasulira dzanja kwa Wailesi. Iye sanailandire. Manja anawabisa kumbuyo.

Ndinaika ndowa pansi, madzi n'kunditayikira pamapazi.

"Ababa."

"Watopa? Kakhale pabenchi."

"Ayi." Mawu anatuluka aang'ono, ndiye ndinawabwereza. "Ayi. Ine ndakhala ndikuchita nsanje. Ndi Wailesi, ndi ana anuwa, onse. Sindibwera kuno chifukwa cha amayi. Nthengayo ndakhala ndikuifuna kuyambira kalekale. Ndipatseni ineyo."