Dzina la Sankhani

Mwana wa Milton ndi Easter anabadwira ku Likoswe mu Meyi 1994, sabata yomwe anthu ankaponya mavoti. N'chifukwa chake ambiri amaganiza kuti dzina lake loti Sankhani linachokera ku chisankhocho, koma nkhani yake ndi ina.

Tsiku lotulutsa mwanayo m'chikuta, mayi ake a Easter, a Dora, anali atakonza kale dzina loti Timoti, la malemu amuna awo. Achemwali ake a Milton, a Hannah, nawo anafika kuchokera ku Mpama atanyamula nkhuku ndi dzina loti Geoffrey. Awiriwa anakokanakokana pakhonde mpaka phala la Easter linazizira.

Kenako a Hannah anatembenukira kwa mlongo wawo. "Bambo a mwana, tiuzeni. Timoti kapena Geoffrey?"

Milton anali mkamwini pamudzipo, ndipo munda womwe ankalima unali wa apongozi akewo. Komatu a Hannah ndi amene anamulera. Milton anazolika, n'kuyankha chapansipansi kuti, "Sankhani."

Amalume ake a Easter, a Jimmy, omwe makutu awo ankangotola mawu apa ndi apo, anadzuka pampando akuwomba m'manja. "Mwamva nonse, mwini wake watchula. Mwanayu ndi Sankhani. Dzina labwino, la chiyankhulo chathu."

Azimayi awiriwo anayang'anana. A Hannah anayamba kuseka, a Dora n'kutsatira. Popeza panalibe wopambana, panalibenso wokwiya. Easter anaitana khandalo ndi dzinalo kuti amve mmene likumvekera, ndipo analikonda.

Mtima wa Milton unakhala pansi, ndipo sanawauze konse a Jimmy zomwe iye ankatanthauza.