Khadi la ku Kiliniki ya Mgodi

"Chifuwa chachikulu, 1997," anatero kalaliki, maso ali pa kompyuta. "Ntchito ya pansi iwalani, bambo. Wotsatira!"

Fidelis Sakala anagwiritsa pawindo. Zaka sikisitini anakumba mkuwa ku Mindolo osatsokomola ngakhale kamodzi. Tsopano mgodi unali utagulitsidwa, ndipo eni atsopano analowetsa makhadi onse a kukiliniki m'makina, ati alembe athanzi okhaokha kuti mzinda wa Kitwe udzukenso.

"Ndipimeni pompano, mayi!"

"Ine si dokotala. Zili pa nambala yanu. Sunthani."

Anabwerera kunyumba ku Chamboli wapansi, mtima ukuwira, chifukwa mwini chifuwacho ankamudziwa. Chaka cha 1997 chija mlamu wake Shadreck anafika kuchokera ku Katete ali mafupa okhaokha. Kiliniki inali ya ogwira ntchito ndi ana awo basi, choncho Fidelis anachita zomwe komboni yonse inkachita: anamubwereka khadi. Ndani ankadziwa kuti mapepala afumbi aja adzawerengedwa?

Anapeza mkazi wake Pauline akuchapa.

"Mlongo wako wandidyera ntchito! Mawa tipita naye akaulule."

"Aulule chiyani, atate a Lulu? Shadreck amulemba ntchito kumgodiko m'mawa uno. Dzina lake n'loyera."

Fidelis anaseka koma osati kuseka kwabwino. "Loyera! Matenda ake ndasenza ine, iye asenze chipewa changa cha mumgodi?"

"Munamupatsa nokha khadilo. Ndinakugwirani pakhosi?"

"Unalira usiku ndi usana, iwe!"

Pauline anaponya malaya m'beseni, madzi thwaa. "Pitani kaneneni. Iye amuchotsa chifukwa cha chifuwa, inu akuthamangitsani chifukwa cha chinyengo. Kenako ana mudzawadyetsa chilungamo chanucho."

Zinamuwawa kwambiri chifukwa zinali zoona.

Madzulo Shadreck anatulukira atavala majombo atsopano, thumba la ufa lili pa njinga. Analitsitsa pakhomo, maso pansi.

"Alamu, mwezi uliwonse ndidzabweretsa."

"Chotsa! Ndine wopemphapempha ine?"

Fidelis anayang'ana thumbalo nthawi yaitali, kenako anayang'ana ana ake atatu omwe anali ataima pakhomo. Anawerama, nalikweza paphewa yekha.

"Ukamatsokomola pansipo," anatero osacheuka, "uzitsokomola chamumtima. Akakumva, tafa tonse."