Tsiku Limene a Sichali Sanamwe Mapiritsi

Ku Chitipa kuno munthu sudwala wekha. Ukatsokomola m'mawa ku Misuku, pofika masana a pa Boma amakhala atakupezera kale dzina la nthenda, wokulodza, ndi mmisiri wa bokosi.

A Lazarus Sichali, mlimi wa khofi m'mphepete mwa nkhalango ya Mughese komanso mkulu wa mpingo, ankadwala nthenda yonjenjemera. Linayamba ndi dzanja lamanja, zala kumangoyenda zokha ngati zikusankha nyemba. Kenako mutu. Kenako miyendo inayamba kukanirira pansi. Dokotala wa ku Mzuzu anawauza mosabisa kuti nthendayi sichizika, koma alipo mapiritsi oigoneka kwa kanthawi. Akamwa ankayenda bwinobwino, njinga n'kukwera. Mphamvu ya mankhwala ikatha, thupi linkabwerera kwa mwini wake watsopanoyo. Pokhala munthu wamanyazi, ankatuluka pakhomo pokhapokha mapiritsi atagwira.

Nthawi ya kampeni itafika, kunabwera Mayi Jean, amene ankafuna mpando wa phungu. Anati akapambana akamenyera nkhondo kuti madokotala ofufuza matenda akwere kuno kumapiri, chifukwa onjenjemera analipo enanso, obisidwa m'nyumba, ndipo palibe ankadziwa gwero lake. Anapempha a Sichali kuti awajambule kanema wa pafoni. A Sichali anavomera, n'kunena kuti awajambule m'mawa asanamwe mankhwala, anthu aione nthendayo ili maso. Kanemayo anayenda m'mafoni kuyambira ku Mafinga mpaka kumalire a Tanzania.

Wopikisana ndi Mayi Jean anali ndi lole, chimkuzamawu, ndi Vitumbiko Simwaka. Mwa zitatuzi choopsa chinali Vitumbiko. Bambo ameneyu akanatha kuseketsa wapolisi ali pakati pomumanga. Komanso anali msuweni wa a Sichali, mwana wa azakhali awo. Kwathu kuno msuweni, amene timati mvyala, ali ndi chilolezo chimene ngakhale m'busa alibe. Akhoza kukutcha mfiti, kukulanda nkhuku, kukuseka pamaliro a bambo ako, iwe osakwiya. Vitumbiko anatenga chilolezo chimenecho n'kukwera nacho pa lole.

“Amama ndi adada, mwamuona mvyala wanga pafoni?” anatero pamsika wa pa Boma, uku akugwedeza dzanja ndi mutu mpaka chipewa kugwa. “Ine ndinakumana naye dzana akutsika phiri pa njinga, mabuleki osagwira n'komwe. Nthenda yake njaulemu, imadikira kamera. Akuti kubwere ofufuza. Abwere ndithu, adzafufuze m'thumba mwa mvyala wanga, adzaipeza nthendayo itapindidwa bwinobwino.”

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ndipo za njingazo sanali kunama. Ambiri anali atawaonapo a Sichali akupalasa.

Sabata isanathe, ana a sukulu ankati akawaona m'njira n'kuyamba kunjenjemera pamzere. Kumalo ogulitsira khofi wina anawafunsa ngati lero abwera odwala kapena ochira. Chowawa kwambiri chinachokera kutchalitchi. Akulu anzawo anatumiza mawu kuti ayambe apuma kaye pa udindo, kufikira itamveka bwino nkhani yakuti mkulu wa mpingo wanamiza boma lonse. Munthu amene kuyambira unyamata wake ankaitanidwa kukhala mboni pa milandu ya malire a minda, tsopano mawu ake ankafunika mboni.

Loweruka m'mawa akazi awo, a Eunice, anabweretsa mapiritsi ndi madzi. A Sichali anapukusa mutu, ndipo panatenga kanthawi kuti a Eunice azindikire kuti uku kunali kukana, osati nthenda.

“Ndikupita pa Boma chonchi,” anatero a Sichali. “Mapiritsiwo muike m'chikwama.”

“Dokotala anati musamadumphitse.”

“Dokotala sapemphera kutchalitchi kwathu.”

“Mukufuna mukadzionetse ngati ng'ombe ya pamsika chifukwa cha kamwa la Vitumbiko? Ine ndakubisani zaka zonsezi, adada. Ndakuvekani, ndakupukutani, munthu osadziwa.”

“N'chifukwa chake akundiyesa wabodza. Munandibisa bwino kwambiri.”

A Eunice anawamanga mabatani a jekete, n'kukaimitsa galimoto ya matola.

Msewu wotsika ku Misuku umanjenjemeretsa ndi wamoyo yemwe, ndiye m'galimotomo palibe anaona chachilendo. Koma atatsika pa Boma, dzuwa lili pamutu, nthenda inali itadzuka yonse. Kuchoka podikirira minibasi kufika pamsika anayenda mokhwekhwereza, timapazi ting'onoting'ono, msana utapindika. Lole inali pamalo ake, Vitumbiko ali pakati pa sewero lake lija. Gulu linatseguka lokha. Patatsala pang'ono kuti afike, miyendo inakana. Anaima pamenepo ngati chitsa, dzanja likumenya ntchafu, malovu akutsikira pa jekete.

Wina kumbuyo anaseka, poyesa kuti sewero likupitirira. Anapezeka akuseka yekha.

“Mwaghona, mvyala,” anapereka moni a Sichali. Mawu anali aang'ono, koma msika unali utakhala chete moti anamveka.

Vitumbiko anatsitsa chimkuzamawu. “Mwaghona. Mwabwera kudzaona msonkhano?”

“Ndabwera kudzakuona iwe. Akuti umanditengera bwino. Tapanga ndione, mwina pali pamene ndikulakwitsa.”

Vitumbiko anayang'ana anzake a pa lole, koma onse anali atapeza chochita m'mafoni mwawo.

“Ndi zachisuweni chabe, mvyala. Inu mukudziwa.”

“Ndikudziwa. Chisuweni wadya kunona kwake, tsopano bwera udzakukute fupa. Msuweni akadwala, amamunyamula ndani? Tsika.”

Pamenepo ndi pamene Vitumbiko anakodwa. Mwambo womwewo umene umalola msuweni kutukwana umamupatsanso ntchito zimene ena amaziopa: kusambitsa wodwala, kumunyamula, ndipo tsiku likafika, kumukumbira manda. Sungatenge theka. Akanakana pamaso pa msika wonse, akanakhala kuti wavomera kuti zonse zija sizinali nthabwala za pachibale koma chipongwe cholembedwa ganyu.

Anatsika. Anagwira a Sichali pamkono kuti awayendetse, koma anali ngati akukoka mtengo wa mizu. Anayesanso. Kenako nkhope yake inasintha, chifukwa kunjenjemera kuja kunali kutalowa m'manja mwake, ndipo iye, katswiri wa zonamizira, anadziwa kuti palibe munthu angapange zimenezo dala. Anawanyamula ngati mwana n'kukawakhazika pa benchi ya mayi wina wogulitsa nthochi.

A Eunice anamupatsa mapiritsi ndi botolo la madzi osamuyang'ana kumaso. “Amwetseni. Akagwira okha atayira pansi.”

Vitumbiko anagwada. Madzi oyamba anathera pa malaya a chipani amene anavala. Achiwiri analowa. Anatenga mpango wake n'kuwapukuta kukamwa.

“Tsopano khala pompano,” anatero a Sichali. “Mankhwalawa sathamanga ngati kamwa lako.”

Anakhala. Bwana wa pa lole anaimba hutala kawiri, kachitatu lole inanyamuka kupita kumsonkhano wina popanda mlengezi wake. Anthu sanabalalike. Ogula anaima ndi tomato m'manja, a kabaza anazimitsa njinga zawo. Mthunzi wa golosale utasuntha n'kufika pa benchi, mutu unayamba kukhazikika. Dzanja linatsatira pang'onopang'ono. Pomaliza a Sichali anaimirira okha, n'kukonza jekete.

Mkulu wina wa mpingo wawo, amene anabwera kudzagula feteleza, anayandikira chipewa chili m'manja. “Pepani, adada. Mawa mukhale pa mpando wanu. Nkhani ija ndikaithetsa ndine.”

“Yewo,” anathokoza a Sichali.

Pobwerera kokwerera galimoto, anthu ankapatuka msangamsanga, maso pansi. Amayi ena ankati “pepani, pepani” chapansipansi, ngati mmene amachitira maliro akamadutsa. Amene dzulo ankawaseka lero ankaopa ngakhale kuwapatsa moni.

“Mwakhutira?” anafunsa a Eunice. “Akukhulupirirani. Taonani mmene akukuyang'anirani.”

“Ndaona.”

Vitumbiko ankawatsatira m'mbuyo atanyamula chikwama cha a Eunice. Atafika pa galimoto anayamba kulankhula, koma mawu oyenera analibe, poti moyo wake wonse sanawafunepo. “Mvyala, ine sindidzayambiranso. Pakamwa panga sipadzatulukanso nthabwala ya inu.”

A Sichali anaima, phazi limodzi lili kale m'galimoto.

“Usandiphe ndili moyo,” anatero. “Boma lonseli layamba kale kundilira. Ukasiya iwenso, nditsala ndi ndani? Uzibwera kunyumba. Ukandimete ndevu, ukandisambitse, Eunice apumeko. Kumeneko uzikanditukwana mmene ungathere, ine ndili pomwepo kuti ndikubwezere.”

Vitumbiko anapereka chikwama kwa a Eunice. “Lumo ndi mutu wanuwo, nditha kukudulani khutu.”

“Ndili nawo awiri. Ubwere Lolemba.”