Kulira kwa ba Mainess pa Kaseti

"Ine nikagwira mawu ya munthu, olo mwine wake sangayazibe," anatero Cephas, akusisita wailesi yake ya makaseti awiri ngati mbuzi yogulitsa.

Chitsekereni fakitale ya mabulangete kumene ankagwira ntchito, Cephas ankadyera nyimbo za eni. Ankadula apa, kudula apo, kuika ng'oma za kiyibodi yobwereka pansi pake, makaseti n'kumagulitsa kwa makondakitala. Situdiyo yakeyo, poti tiitchule choncho, inali kachipinda kakuseri m'nyumba ya azakhali ake, ba Mainess, amene anamulera ku komboni ya Chawama chimwalirireni makolo ake.

Nyimbo yatsopano anaitenga pa kaseti ya maliro a Enos, mwana yekhayo wa ba Mainess. Wachibale wina anajambula kwaya tsikulo, ndipo pakati pa nyimbo panalowa kulira kwa mayiyo: "Enos, wandisiyira ndani?" Cephas anathamangitsa mawuwo mpaka anamveka ngati kamtsikana kodandaula chibwenzi.

Mnzake Lazarous, wokonza mawailesi, anapukusa mutu. "Iwe, ivi vili na mwine. Wabapempha?"

"Nipemphe chani? Natengako chabe kang'ono, nachinja. Misozi analembetsa ku boma ni ndani?"

Nyimbo inagwira. M'mabasi a ku Kanyama ndi Matero anthu opanda ntchito ankaivina ndi mapewa. Ba Mainess nawo anaimva, nangoti ana a masiku ano amaimba ngati udzudzu. Cephas anaseka mpaka kutsokomola. Komatu ankadziwa kuti akadzazindikira, chipinda chija ndi dzina loti "mwana wanga" zidzapitira limodzi.

Loweruka masana ananyamulira ba Mainess bokosi la tomato kumsika kumene ankagulitsa. Sophie, wogulitsa tinsomba ta kapenta pambali pawo, anaika kaseti ya nyimboyo mu wailesi yake. Cephas anatula katundu n'kuyamba kudula chiuno, amayi a pamsika akumuwombera m'manja.

Koma mabatire anali atakwera mtengo chaka chimenecho. Mabatire a Sophie anali oyanika padzuwa, olumidwa ndi mano kuti apatseko kamphamvu kotsiriza. Pakati pa nyimbo anayamba kufooka. Kaseti inayamba kukoka miyendo, ng'oma zikulemera ngati mapazi a onyamula bokosi la maliro. Kamtsikana kaja kanakula, kanakalamba, mawu akutsika pang'onopang'ono mpaka anafika pamene Cephas anawatenga.

"Enos... wandisiyira ndani?"

Manja analeka kuwomba. Ambiri mwa amayiwo anagona pa maliro aja, ndipo kulirako ankakudziwa. Sophie anatambasula dzanja kuti azimitse.

"Isiye," anatero ba Mainess.

Anaika pansi tomato amene anali m'manja, napukuta zala pa chitenje. Anamvetsera mpaka kaseti inaima yokha. Kenako anayang'ana Cephas, amene dzanja limodzi linali lidakali m'chiuno.

"Nanga walekela chani kuvina, Cephas? Ni mubale wako uja. Vina."