Mzere Umene Rawan Anaudumpha

Pali chinthu chimodzi chimene Rawan anali asanauzepo munthu aliyense, ngakhale mayi ake. Tsiku limene ankawerengera bambo ake nkhani ya mankhwala a maso, anadumpha mzere umodzi. Sikuti diso linaphonya ayi. Anauona mzerewo, anaumeza, n'kupitiriza kuwerenga wotsatira ngati palibe chachitika.

Bambo akewo, a Sobhi, anakhala zaka zambiri akukonza mawailesi ndi ma TV m'kashopu kawo kuseri kwa siteshoni ya sitima mumzinda wa Tanta. Nkhani za sayansi ankazikonda mopitirira muyeso. Munthu akabweretsa wailesi yakufa ankachoka atamva za nyenyezi, za makina oyenda okha, za tizilombo tosaoneka ndi maso, wailesiyo isanatsegulidwe n'komwe. Kenaka maso awo anayamba kufa kuchokera m'mbali. Poyamba ankangopunthwa dzuwa likalowa. Pambuyo pake dziko lonse linatsala ngati akulisuzumira pa kabowo ka kiyi, ndipo kabowoko kankacheperachepera. Dokotala wa ku Cairo anati matendawa ndi akumtundu, ali kumbuyo kwa diso, mankhwala ake palibe. Shopu ija a Sobhi anaitseka. Magazini awo akale anatsala pamwamba pa kabati akudya fumbi.

Basi maso a bambowo anakhala Rawan. Iye anali atangomaliza sekondale, ndipo sanakhoze mofika pa udokotala monga mmene onse ankayembekezera. Anali mtsikana wosayankhulayankhula, woti mlendo akagogoda amathawira kukhitchini. Koma Chingelezi ankachimva, ndiye anapeza ganyu pa tsamba lina la pa intaneti: kusaka nkhani za sayansi zotuluka kunja, kuzifupikitsa m'Chiarabu, n'kuzitumiza kwa mkonzi, Ustaz Medhat, munthu amene sanamuonepo nkhope. M'mawa uliwonse mayi ake, a Afaf, akapita kuntchito, iye ankakhala ndi bambo ake pakhonde la m'mwamba, tiyi ali pa kampando, n'kumawawerengera zimene analemba dzulo lake.

"Tiyeni adokotala," ankatero a Sobhi akufufuza kapu ndi zala. "Dziko lapeza chiyani ine ndili m'tulo?"

Nkhani iliyonse ankaizinga ndi mafunso awo a masiku onse. Ayesa pa ndani? Pa angati? Wapereka ndalama za kafukufukuyo ndani? Rawan akawerenga za batire yosatha msanga, iwo ankaseka mpaka kutsokomola.

"Batire imeneyo ndinayamba kuimva iwe usanabadwe. Ikubwerabe, ili pa bulu."

Rawan anaphunzira kuwerenga nkhani kuchokera kwa iwowo. Ankadziwa kuti mutu wa nkhani umakuwa, koma choonadi chimakhala pansi, chikunong'ona.

Ndiye kunatuluka nkhani ija. Akatswiri ena a ku Ulaya anabaya mankhwala m'maso akufa, masowo n'kuyambanso kuona kuwala. Dzina la matendawo linali lomwe lija la pa pepala la dokotala wa ku Cairo. Rawan anailemba moona. Mutu wake anaika woti mankhwala atsopano athandiza mbewa zakhungu kuona. Itatuluka pa tsambapo, mbewa zinali zitachotsedwa pa mutupo. Analimba mtima n'kufunsa, ndipo Ustaz Medhat anamuyankha ndi uthenga wamawu, akutafuna chinachake.

"Mwana wanga, mbewa amazifuna ndani? Zili ndi foni? Zitsegula tsamba lathu?"

"Koma Ustaz, ndi mmene zilili," analemba Rawan.

"Mmene zilili zili m'kati, ndime yachitatu, sindinakhudzepo. Wofuna choonadi atsike masitepe akachipeze."

M'mawa mwake anaganiza kuti awerenge mutuwo kuti aseke limodzi ndi bambo ake, monga ankachitira ndi batire ya pa bulu. Anauwerenga mokweza, mwa mawu a wolengeza pa wailesi: asayansi apeza mankhwala obwezeretsa kuona. Anadikira kuseka. Kunalibe. Kapu ya bambo ake inaima pakati pa kampando ndi pakamwa.

"Matenda ake ati?" anafunsa a Sobhi.

Rawan anatchula dzinalo.

Mafunso atatu aja sanabwere. Munthu amene sankalola nkhani iliyonse kudutsa osaisecha m'matumba anangoti, ndi mawu aang'ono amene Rawan anali asanawamvepo, "Pitiriza."

Anapitiriza. Ndime yoyamba, yachiwiri. Atafika pa yachitatu anakweza maso, n'kuona nkhope ya bambo ake itatembenukira kudzuwa, pakamwa pali yasa ngati mwana amene akudikira dzina lake pa mndandanda wa okhoza. Mzere wa mbewa anaulumpha ngati ngalande.

Pofika madzulo nkhani inali m'kamwam'kamwa mumsewu wawo wonse. A Sobhi anatsikira kumalo omwera khofi, komwe anali atasiya kupitako kwa miyezi, n'kumauza aliyense kuti atsegule tsambalo.

"Muone dzina lili pansipo. Mwana wanga ameneyo. Salemba zabodza, ndinamuphunzitsa ndekha."

Amu Fathi, wometa tsitsi, mnzawo wa kuubwana, anati a Sobhi akadzayamba kuona adzadandaula, chifukwa adzazindikira mmene akhala akuwametera zaka zonsezi. Anthu anaseka. Kaya panalibe amene anatsika mpaka ndime yachitatu, kaya alipo anatsika n'kusankha kukhala chete, Rawan sanadziwe. Nthawi zina ankalakalaka wina atawauza bambo akewo, kuti iye angolandira chilango chake. Palibe anawauza.

Vuto linabwera ndi foni ya Madam Nagwa, mayi wa ku bungwe la anthu osaona. A Afaf anali atayenda miyezi yambiri, kukhala pa mabenchi, kupempha, mpaka anawapezera amuna awo malo pa maphunziro a kuyenda ndi ndodo yoyera ndi kugwiritsa ntchito foni yoyankhula. Ofuna malowo anali ambiri. Madam Nagwa ananena poyera kuti munthu amaphunzira msanga akadali ndi kakuwala pang'ono, ndipo akaphonya gulu lino adzadikira chaka chamawa, pamene kakuwalako mwina kadzakhala katazima.

"Perekani malowo kwa amene akuwafunadi, Madam," anatero a Sobhi pa foniyo, mwaulemu wonse. "Ine ukhunguwu ndangoubwereka. Ndiubweza posachedwa."

"Sobhi, uli bwinobwino?" anatero a Afaf atalanda foniyo. Anapepesa, anachonderera, mpaka Madam Nagwa anavomera kusunga malowo kufikira Lamlungu limene maphunziro adzayambe. Likadutsa, basi.

Ndodo yoyera imene a Afaf anagula inangokhala kuseri kwa chitseko. A Sobhi ankati ndi yabwino potsitsira zovala pa chingwe.

Tsiku lina akusankha mphodza, mayiwo anafunsa osakweza mutu. "Iwe ndi amene umawerenga zimenezi. Mankhwalawo afika liti kuno?"

"Sizikudziwika, Mama."

Silinali bodza. Rawan anazindikira kuti munthu angathe kukhala nthawi yaitali osanama, komanso osanena zoona, ndipo kumakhala ngati kuyenda ndi kamwala mu nsapato.

Anayamba kusaka. Kale ankatsegula nkhani za sayansi ngati munthu wotsegula zenera m'mawa. Tsopano ankalemba dzina la mankhwala aja m'Chingelezi, m'Chifalansa chimene sankachimva, kufunafuna kamzere kamodzi kokha konena kuti ayamba kuyesa pa anthu. Ankaganiza kuti sayansi ikathamanga pang'ono idzalipeza bodza lake panjira n'kulisandutsa zoona, ndipo palibe adzadziwe. Nkhani zina zinkabwera mwa unyinji wake monga mwa masiku onse. Roketi yatera yokha. Makina apambana anthu pa mayeso. Khansa yagonja, pa mbewa. Ukalamba wabwezedwa m'mbuyo, pa mbewa. Mbewa za dziko lapansi zinkachira matenda onse, pamene bambo ake ankagunda mwendo pa tebulo lomwe lakhala pamalo amodzi chibadwire cha iye.

Chimene anapeza, patatsala masiku ochepa kuti Lamlungu lija lifike, chinali kankhani ka mizere yowerengeka pa tsamba la zamalonda. Kampani imene inkalipirira kafukufukuyo inasiya za maso. Sinanene kuti mankhwalawo ndi oipa. Inangoti ikuika mphamvu zake pa zina.

Anakalemba m'Chiarabu n'kutumiza. Mumtima ankati kakatuluka, wina kumalo omwera khofi adzakawerenga mokweza, ndipo nkhani idzafika yokha kwa bambo ake.

"Ichi n'chiyani?" anatero Ustaz Medhat. "Nkhani ya chinthu chimene sichinachitike? Ukufuna owerenga athu agone? Kwatuluka foni yopindika katatu, lemba imeneyo isanakwane nthawi ya nkhomaliro."

Analemba ya foni yopindika katatu.

Lachisanu a Sobhi anavala mkanjo wawo woyera kuti apite ku mzikiti. A Afaf anawapatsira ndodo, iwo n'kuikankha ndi kumbuyo kwa dzanja.

"Msewu umenewu ndinauyenda usanathiridwe phula. Ukufuna anthu azindipatsa njira ngati maliro?"

Rawan anawaona kuchokera pakhonde akuyenda chowongoka, chibwano m'mwamba, dzanja limodzi likukhudza magalimoto oimikidwa.

Anabwera nawo ndi Amu Fathi, atawakoleka mkono paphewa. Anthu okonza mapaipi anali atakumba dzenje pafupi ndi khomo la mzikiti n'kulisiya losatchinga. Mkanjo unali matope okhaokha, pachipumi pali bala, magazi atatsikira m'nsidze.

"Landirani katundu wanu, mayi," anatero Amu Fathi akupuma mwa befu. "Anthu amagwada m'kati mwa mzikiti, uyu wayambira panja. Kupemphera kwake kwanyanya."

"Dzenje limenelo dzulo panalibe," anatero a Sobhi.

"Lakhalapo sabata yonse, m'bale wanga. Ana amaseweramo."

A Sobhi anaseka. "Zatsala pang'ono kutha izi, Fathi. Funsa adokotala athuwa."

Amu Fathi anayang'ana Rawan. Sanamwetulire. Anangomuyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene anayenera, kenaka anatsanzika.

A Afaf anatsuka balalo, anamata, n'kulowa kukhitchini. Madzi a pampopi anatuluka nthawi yaitali, popanda phokoso la mbale.

Chakumasana a Sobhi anapempha Rawan kuti awatsitsire bokosi la zida zawo pamwamba pa kabati. Anakhala nalo pakhonde, bandeji ili pachipumi, n'kumatulutsa chimodzichimodzi: timasikuludiraiva, kapulayazi, chowotcherera mawaya. Chilichonse ankachisisita ndi chala, n'kuchipukuta ndi kansanza.

"Dzimbiri ndi mdani," anatero. "Ndikadzatsegulanso shopu sindikufuna kuyamba ndi kugula zida. Mwini nyumba ya shopu ija akuti sanaikemo munthu. Ndimuuza adikire." Anaika chowotchereracho pamwendo. "Madam Nagwa umuimbire mawa, umuthokoze, umuuze kuti asatidikire. Mayi ako sangathe, amachita manyazi."

Rawan anakhala pa mpando wake. Pansi mumsewu wogulitsa gasi ankamenya botolo lake ndi chitsulo.

"Lero mutu ukundiwawa," anatero bambo akewo. "Undiwerengerenso nkhani ija. Imandikhazika mtima pansi."

Anaitsegula. Dzina lake linali pansi pa mutuwo, zilembo zing'onozing'ono. Anawerenga ndime yoyamba, mawu akutuluka ngati a munthu wina. A Sobhi ankagwedeza mutu, milomo ikutsatira, chifukwa anali ataloweza. Anawerenga yachiwiri. Atafika pa yachitatu anaima.

"Watani? Foni yazima?"

"Ayi, Baba."

"Nanga?"

Rawan anayang'ana bandeji ija, pakati pake patayamba kufiira. Anayang'ana manja amene anali atasiya kupukuta, akudikira. Anaika foni pa kampando, chafufumimba, chifukwa mzerewo sankafunika kuuwerenga.

"Baba, pali mzere umene ndinaudumpha tsiku lija. Ndinauona, ndinaudumpha dala." Anapitiriza. "Zinali mbewa. Anayesa pa mbewa zokha, pa munthu sanayesepo. Ndipo asiya, Baba, sakupitiriza. Mankhwala sakubwera. Madam Nagwa sindiwaimbira."