Laputopu ya a Yesaya

"Yakananso," anatero Catherine, akutembenuzira laputopu kwa Febe. "Werengani nokha, mlamu. Ikuti makina awa sangathe kunyamula Windows yatsopano."

Febe anawerama n'kuwerenga mawu a Chingelezi amene anali pagalasi. Anali m'kashopu ka Catherine pa Namitete, pakati pa makina a fotokope ndi mafoni a anthu amene ankatchajidwa. Laputopuyo inali ya amuna ake, a Yesaya, achimwene ake a Catherine. Inali yakale, yolemera ngati njerwa, ndipo ngodya ina anaimata ndi selotepi.

A Yesaya ankaphunzitsa kwaya ya kuparishi. Nyimbo zambiri ankapeka okha n'kumazilemba m'laputopumo. Kenako matenda a shuga anawawononga maso. Kuyambira pamenepo kwaya anaisiyira a Dickson, kupeka analeka, ndipo ankangokhala pakhonde ndi wailesi. Febe atanena kuti aziwalembera, iwo anakana. Tsiku lina mphunzitsi mnzake wa Febe, yemwe ankaphunzitsa ana osaona, anamuuza za pulogalamu yaulere imene imawerenga mokweza chilichonse cholembedwa pakompyuta. Koma pulogalamuyo sinkalowa mu Windows yakale imene inali m'laputopu ya a Yesaya.

"Agulireni ina basi," anatero Catherine. "Iyi ndi nkhalamba. Ikayaka imapuma ngati njinga yamoto yokwera chitunda."

"Zala zawo zikudziwa mabatani a iyiyi," anayankha Febe. "Ndikawapatsa yachilendo, akalakwitsa pang'ono aikankhira uko. Achimwene anu simukuwadziwa kodi?"

Catherine anaseka. "Ndikuwadziwa. Liuma lawo n'lobadwa nalo. Koma ndikuona kuti inunso anakupatsirani."

"Njira ilipo kapena palibe?"

Catherine anakanda m'mutu. Anafotokoza kuti njira yozembera inalipo. Windows yatsopano isanalowe, imayamba yayeza makina ngati ali oyenera. Pokonza fulashi yoikira Windowsyo, munthu amatha kuchotsa gawo loyezalo, ndipo imalowa osafunsa. "Koma zonse zimene zili m'katimu zifufutika," anachenjeza. "Komanso zina zikhoza kusiya kugwira ntchito. Musadzandinenere kwa achimwene."

Anayamba ndi kusamutsira nyimbo zonse mu fulashi ina. Febe sanakhulupirire msanga. Anatsegula nyimbo iliyonse pakompyuta ya Catherine kuti aone ndi maso ake kuti ilimo, mpaka Catherine anadandaula kuti makasitomala a fotokope akubwerera.

Windows inayamba kulowa bwinobwino. Ili pakati, magetsi anazima. Batire la laputopuyo linafa kalekale, choncho nayonso inazima nthawi yomweyo.

"Mwaonatu," anatero Catherine. "Yakale yafufutika, yatsopano sinalowe. Panopa ndi thireyi yoikirapo makapu."

Febe anakulunga laputopu m'chitenje n'kuwoloka msewu kupita kwa a Dyson ometa tsitsi, amene anali ndi sola. Anawapempha malo pakona, ndipo Catherine anamutsatira ndi fulashi, akung'ung'udza. Anayambiranso, tsitsi la anthu likugwera pafupi ndi mabatani. Dzuwa likupendeka, galasi linawala ndi chithunzi chabuluu. Windows yatsopano inali italowa.

Catherine anaikamo pulogalamu yowerenga ija n'kuitsegula. Anadikira. Laputopu inangoti zii. Anakweza mawu mpaka pamapeto, koma panalibe chimene chinamveka.

"Sipika sizikugwira," anatero Catherine, ndipo ulendo uno sanaseke. "Pamafunika kapulogalamu kolumikiza Windows ndi sipika. Opanga laputopu iyi sanakonze koyenderana ndi Windows yatsopano."

Febe anakhala pabenchi ya a Dyson, manja ali pachibwano. Chinthu chimodzi chokha chimene ankafuna m'makinamo chinali mawu. Febe atafika kunyumba, a Yesaya anafunsa kumene kunali laputopu yawo. Iye anangoti ili kwa Catherine, ikupukutidwa fumbi.

Sabata imeneyo, pa nthawi yopuma kusukulu, Febe ankakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumaonera pafoni mavidiyo a anthu amene anakumana ndi vuto ngati lomweli. Ambiri ankalankhula mothamanga, moti ankabwereza mpaka amve. Loweruka anabwerera kushopu.

"Titenge kapulogalamu ka sipika ka Windows yakale," anatero. "Akuti pali poyiuza kompyuta kuti ikalandire ngati mmene inkachitira kale."

"Tiinamizenso, eti?" anafunsa Catherine. " Inu aphunzitsi, ana mumawaphunzitsa zotani?"

Koyamba kamene anapeza kanakana. Kena kanalowa, koma laputopu inauma, n'kufunika kuizimitsa. Catherine anafufuza kena ka laputopu yofanana nayo. Atayatsanso, mawu a mwamuna anatuluka mwadzidzidzi, okweza kwambiri, mpaka mayi amene ankadikira fotokope anagwira pamtima.

Febe anapeza amuna ake pakhonde. Anazimitsa wailesi n'kuika laputopu pamiyendo pawo.

"Ndichite nayo chiyani, mayi a Ruth? Ndiinunkhize?"

"Tangomverani."

Anatsegula nyimbo imene a Yesaya anaipeka komaliza maso asanafe. Laputopu inayamba kuwerenga, koma mawu a Chichewa inkawatchula ngati Chingelezi, moti sankamveka n'komwe.

"Zimitsani!" anakalipa a Yesaya. "Mzungu ameneyu akutukwana nyimbo yanga."

Febe sanazimitse. Anakumbukira zimene mnzake uja anamuuza, kuti m'pulogalamumo mulibe mawu a Chichewa, koma a Chiswahili amayandikirako. Anafufuza mpaka anawapeza. Laputopu inayambiranso, ngati mlendo wochokera ku Tanzania amene wakhalitsa kuno: "Munatisunga m'chaka cha chilala, munatipatsa mvula yabwino."

Nyimbo inatha, a Yesaya osagwedezeka. Febe anaganiza kuti akwiya.

"Yabwino," anatero a Yesaya pamapeto pake. "Mvula yabwino? Liwu laulesi limenelo. Ndinkafuna kulisintha kalekale."

Anapapasa mabatani, ndipo zala zinakhala pamalo pake zokha. Anafufuta liwulo n'kuyamba kulemba lina. Chilembo chilichonse chimene ankadina, laputopu inkachitchula. Analakwitsa, anamva, n'kukonza okha. Febe anatsamira chipupa, akupukuta m'maso ndi ngodya ya chitenje.

"Mayi a Ruth, mudakali pompano?"

"Ndilipo."

"Mawa mukadzere kwa a Dickson. Mukawauze kuti kwaya isaimbe nyimbo iyi Lamulungu. Sinathe."