Mtedza Umene Sunamere

Foni ya Anastazia inalira kamodzi n'kuduka. Inali nambala ya kapitawo wa pa esiteti ina ya fodya ku Dambe, imene Lameki, tenanti wochokera ku Phalombe, ankabwereka akafuna kumufulasha. Anastazia anausa moyo, n'kuimba ndi timayunitsi take totsala.

"Mayi, mtedza wanu uja ndi wakufa," anatero Lameki. "Sunamere ngakhale umodzi. Mundibwezere ndalama zanga."

Chimwalirireni mwamuna wake, Anastazia ankakhalira kugulitsa mbewu ya mtedza pa Guilleme. Akutali ankaitanitsa pafoni, iye n'kutumiza pa kabaza. Mbewuyo ankasenda yekha, kutaya yonyala ndi yosweka, moti anthu ankangogula osafunsa zambiri. Koma Lameki anali atadandaula kale pamsika, ndipo Lamulungu lapitalo, potuluka m'tchalitchi, amayi awiri amene anamulonjeza kuti agula anangomupatsa moni n'kudutsa.

M'mawa mwake anamanga kathumba ka mbewu panjinga n'kupalasa m'matope mpaka ku Dambe. Lameki anamutengera ku kamunda ka kuseri kwa zigafa za fodya. Mkazi wake, Esitele, ankatsatira patali, mwana ali kumsana.

"Onani nokha," anatero Lameki. "Dothi lokhalokha."

Anastazia anagwada n'kuyamba kufukula mzere ndi chala. Mbewu yakufa siyenda. Imaolera pamene inagwera, ndipo kakhungu kake kofiira kamapezeka ndithu. Anafukula apa, n'kusuntha, n'kufukulanso. Mawondo anamuwawa. Sanapeze kanthu.

"Mwina mbewa," anatero Lameki.

"Mbewa za kuno n'zaulemu, achimwene. Zikadya zimasalazanso mzere?"

"Kapena akhwangwala."

"Bambo a Enoki, musawatopetse mayiwa," anatero Esitele chapansipansi, maso ali kumapazi. "Tinakazinga, mayi. Abwana anasiya kutipatsa chimanga mwezi watha. Ana ankangolira."

Anastazia anakhala pamzere pomwepo, n'kupukuta zala pachitenje. Ankayembekezera kuti akwiya, koma mkwiyowo sunabwere. Anangomva kutopa.

"Njala ndimaidziwa," anatero. "Mukanangobwera kwathu n'kunena. Nanga pamsika paja munakatani?"

"Ndimati mukamva anthu akulankhula mubweza msanga, ndigule gaga."

"Kubweza sindibweza. Ndikatero ndiye kuti ndavomera kuti ndimagulitsa zakufa. Lamulungu mukaime panja pa tchalitchi, muwauze anthu zoona."

Lameki anakanda m'mutu. Malaya ake anali ong'ambika paphewa, fupa likuonekera.

"Mayi, ndife obwera kuno. Ndikaime pagulu kuti banja langa linadya mbewu? Atiseka mpaka tisamuke."

Anastazia anamuyang'ana, kenaka anayang'ana Esitele, amene ankagwedeza mwana ngakhale mwanayo sankalira. Sanaumirire. Anadzuka, n'kukamasula kathumba kaja panjinga.

"Bowolani mapando. Woponya mbewu ndine, kuti ndione ndi maso anga kuti yalowa pansi."

Lameki anatsogola ndi kamtengo, Anastazia akuponya, Esitele akukwirira ndi phazi. Pomaliza munatsala timtedza todzaza dzanja limodzi, ndipo Anastazia anaika m'chikhatho cha Esitele.

"Ukamera, mayi, ndidzaitana anthu adzaone," anatero Lameki.

"Mudzaitane."

Ankadziwa kuti umera. Ankadziwanso kuti podzatuluka timasamba toyamba, aliyense wa ku Guilleme adzakhala atagula kwina n'kubzala, pakuti mvula inali itakhazikika kale. Matumba amene anali kuchipinda kwake adzangopita kwa mavenda pamtengo wa mtedza wakudya.

Matope anali atamata matayala, njinga yosapalasika. Anaigwira pahandulo n'kuyamba kuikankha.